Mamakisi ndi a dalaivala kapena a motoka?

Codemasters itatulutsa gemu ya F1 2020 inayamba kupatsa madalaivala mamakisi osapitirira 99, monga mmene FIFA inkachitira ndi osewera mpira. Amayang'ana zinthu zinayi. Experience ndi kuchuluka kwa mipikisano imene munthu wathamanga, Awareness ndi kupewa ngozi ndi zilango, Pace ndi liwiro, pomwe Racecraft ndi luso lopyola anzako ndi kutsiriza patsogolo kuposa pamene unayambira. Manambalawa samangokongoletsa gemu. Mu My Team, ukamalemba dalaivala wachiwiri ntchito, umawayang'ana usanatulutse ndalama.

Vuto langa nali. Gemu itangotuluka, Valtteri Bottas wa Mercedes anali ndi 90, mofanana ndi Max Verstappen. George Russell, amene ankavutika kumchira ndi motoka ya Williams, anali ndi 75. Pa 6 Disembala 2020 ku Sakhir, Lewis Hamilton atadwala Covid-19, Mercedes inabwereka Russell. Mnyamata wa 75 uja anapyola wa 90 pongoyamba penipeni, natsogolera mbali yaikulu ya mpikisano mpaka timu inamusokonezera matayala, kenako tayala lina linaboola. Anatsiriza pa nambala 9. Kodi luso lonselo analitola mlungu umodzi? Ayi, anangosintha motoka.

Opanga gemu amayesa ndithu kuyerekeza dalaivala ndi mnzake wa timu imodzi, ndipo pamenepo ndikuwayamikira. Koma sikelo yotere imadalira mnzakoyo: akakhala wofooka, iwe umaoneka katswiri. Racecraft nayo ili ndi chinyengo chake, poti woyambira kutsogolo alibe womupyola.

Ife aphunzitsi nkhaniyi timaidziwa. Mwana wa ku Chadiza amene wapalasa njinga m'fumbi kupita kusukulu yopanda labu amalemba pepala la sayansi lomwelo la Giredi 12 ndi mwana wa ku Kabulonga mu Lusaka. Satifiketi imasonyeza giredi basi, yosatchula motoka imene aliyense anakwera.

Gemuyo njokoma, musaleke kusewera. Chimene ndikukana n'chakuti muzitsutsana za amene ali dolo mutagwira manambala a pasikirini ngati umboni. Ndipo manambalawo amangodziwa phula losalala: Satwant Singh wathu, amene anatenga ukatswiri wa rally mu Africa kasanu ndi katatu, ankathamanga m'misewu yafumbi yofanana ndi ya ku Chadiza, kumene gemu ya F1 siifikako n'komwe.