Luso Lobisika M'kabowo ka Gasi

Ulemu upite kwa amisiri osula zoyatsira gasi, anthu amene dzanja lawo limaonekera m'lawi lokha. Mmodzi mwa iwo ndi Peter Desaga, mmisiri wa zipangizo pa yunivesite ya Heidelberg ku Germany, amene mu 1855 anapanga choyatsira chimene lero chimadziwika ndi dzina la Robert Bunsen.

Luso lagona pa kabowo kakang'ono ka pansi pa paipi ya choyatsiracho. Gasi akapanikizika potulukira pamenepo amathamanga, ndipo liwiro lakelo limakoka mpweya kudzera m'mabowo a m'mbali mwa paipi. Ziwirizi zimasakanikirana zisanafike pamwamba, n'chifukwa chake lawi limayaka labuluu, lotentha, lopanda mwaye. Mukatseka mabowo a m'mbaliwo, lawi limasanduka lachikasu n'kuyamba kudetsa.

Lawi limakhazikika pamene liwiro la gasi wokwera lafanana ndi liwiro limene moto ukudyera gasiyo chotsika. Gasi akathamanga kwambiri, lawi limanyamuka pakamwa n'kuzima. Akachedwa, moto umabwerera m'paipi. Choncho mmisiri amalinga kukula kwa kabowo, utali wa paipi ndi kutambalala kwa kamwa mpaka zonse zitamvana. Georges Méker wa ku France anakulitsa kamwa n'kuikapo sefa yachitsulo yogawa moto m'timalawi tambiri, kuti mpweya uchuluke koma moto usabwerere.

Mbaula za gasi za kukhitchini zimatsata nzeru yomweyi. Gasi wa m'silinda amafuna kabowo kochepa kuposa gasi wachilengedwe wa m'mapaipi, motero mmisiri wanzeru sakuza kabowo ndi msomali. Amakayeretsa mosamala kapena kuikapo kena koyenera.