Njala, Ndale ndi Cinenero mu Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anailemba ndi kuitsogolera, inatuluka mu 2019 kucokera m'buku la 2009 la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer. Ambiri amaitama monga mbiri ya mnyamata wanzeru wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anapanga makina oyenda ndi mphepo. Ife tikuona kuti phata lake lili pena, pa banja limene likuphwasuka ndi njala pamene maso a andale ali pa mpando.

Nkhaniyi yamangidwa pa njala ya 2001 ndi 2002. Cimanga ca m'nkhokwe za boma la Malawi cinali citagulitsidwa, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za tsokali mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. M'caka comweco cipani cake cinayesa kusintha malamulo kuti iye apikisanenso, koma Nyumba ya Malamulo inakana mu Julayi. Filimuyi siifotokoza zonsezi. M'malo mwake itionetsa msonkhano umodzi: ng'oma, nsalu za cipani, amai obvina, ndi mfumu ya m'mudzi imene ikupempha cakudya pamaso pa pulezidenti. Mfumuyo icotsedwa pa nsanja ndi kumenyedwa kuseri, cikondwerero cili mkati. Apa mlembi anagwira nchito yotamandika, pakuti ng'oma imene ikometsa msonkhano ndiyo imenenso ibisa kulira kwa womenyedwa.

Munthu amene wajambulidwa mozama kuposa onse ndi bambo wa William, Trywell. Iye akhulupirira kuti cipulumutso cidzacokera ku ndale, nakwera galimoto kupita ku msonkhano wotsutsa boma. Ali konko, cakudya cocepa cimene cinatsala pakhomo cilandidwa. Kucokera pamenepo banja liyamba kudya kamodzi pa tsiku, ndipo Annie, mwana wamkazi amene anayembekeza maphunziro apamwamba, athawa ndi mphunzitsi kuti pakhomo pacepeko pakamwa. Mkangano wa njinga, imene William afuna kuidula kuti apangire makina ake, uli mkangano wa ulemu wa bambo amene watsala ndi cuma cimodzi cokha.

Kuyerekeza ndi Sandesham, filimu ya m'cinenero ca Malayalam ya 1991 imene Sreenivasan analemba ndipo Sathyan Anthikad anaitsogolera, kutithandiza kuona cimene cikusowa. M'menemo bambo wopuma nchito ya njanji abwerera kwao ku Kerala napeza ana ake awiri ali m'zipani zodana, osagwira nchito, akudya thukuta lake. Ndale zili m'nyumba, pa mbale imodzi. Kwa Ejiofor wandale ndi mlendo wobwera pa galimoto n'kupita. Koma aliyense wodziwa Linda, Kanyama kapena Matero adziwa kuti wonyamula mbendera ya cipani amakhala mwana wa mlongo wako, ndipo unga wa pa kampeni umaphikidwa pa mbaula ya pakhomo. Lusaka inaona zipolowe za mtengo wa unga mu Juni 1990, inaonanso mkangano wa Frederick Chiluba wofuna kulamulira kacitatu mu 2001. Woonera wotere afuna kuona wacibale amene anapindula ndi njalayo, ndipo filimuyi imusiya ndi ludzu.

Tsopano za cinenero. Nkoyamikika kuti mbali yaikulu ya zokambirana ili m'Cicewa, cinthu cosowa m'mafilimu ofalitsidwa pa Netflix. Komabe Ejiofor ndi wa ku Britain, Aïssa Maïga amene ali mai Agnes anakulira ku France, ndipo Maxwell Simba amene ali William ndi wa ku Kenya. Mau anawaloweza, koma kukwera ndi kutsika kwa liu, kutalikitsa mphatikizo yaciwiri kucokera kumapeto, ndi mpweya wosiyanitsa p ndi ph kapena t ndi th, sizikhazikika m'kamwa mwao. Zimenezi zionekera poyera pamene Lily Banda, Mmalawi amene ali Annie, ayankha makolo ake: mwana amveka mwini mudzi, makolo amveka alendo. Tikumbuke kuti m'cinenero cathu mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zisiyana ndi kamvekedwe kokha. M'nkhani imene igona pa kugulitsa mitengo ku esiteti ya fodya ndi kukwera kwa mtengo wa cimanga, kusiyanaku sikocepa.

Kwa mphunzitsi, cilema cimeneci cili ndi phindu. Mwana wa ku Linda amene amati "nifuna" kunyumba koma alemba "ndifuna" m'kalasi angathe kumvetsera zigawo ziwiri, ca Banda ndi ca Ejiofor, n'kuchula yekha pamene khutu lake lakana. Kukamba za kamvekedwe ka liu kumapepuka pamene wophunzira wamva kale liu losokera.

Mathero ndiwo ofooka. Makina oyamba a Kamkwamba anali oyatsira magetsi m'nyumba, ndipo kupopa madzi kunadza pambuyo pake. Filimuyi iphatikiza ziwirizi kuti dimba limere njala isanathe, motero funso la amene anagulitsa cimanga ca m'nkhokwe limira m'madzi a pa mpope.