Buku Lodzisindikizira Lidzere Kaye kwa Mkonzi

Masiku ano mlembi sachitanso kugogoda pakhomo la kampani yosindikiza mabuku kuti dzina lake lioneke pachikuto. Akakhala ndi kompyuta ndi kangachepe m'thumba, amapita yekha kwa eni makina ku Blantyre kapena ku Lilongwe, posakhalitsa buku latuluka. Ine sindiona cholakwika pamenepa. Makampani athu ambiri maso awo ali pa mabuku a sukulu poti ndiwo ali ndi msika wodalirika, ndipo wolemba nthano m'Chichewa akati adikire mwayi, imvi zimupeza ali pamzere. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa mabuku odzisindikizirawa owerenga sawakhulupirira, ndipo nthawi zambiri owerengawo salakwa.

Wodzisindikizira amasenza yekha ntchito zonse za kampani. Tsoka lake n'lakuti amachita ntchito zooneka ndi maso, n'kudumpha yosaoneka. Chikuto chimakhala chonyezimira, kumbuyo kuli chithunzi cha mlembi ali mu suti, ndipo mwambo wokhazikitsa buku umachitikira ku hotela komwe mlendo wolemekezeka amagula buku limodzi pamtengo wa mbuzi. Koma funsani kuti anakonza bukulo ndani, mudzamva kuti analiwerengako ndi akunyumba kapena mnzake wa kutchalitchi, anthu amene sangayerekeze kumuuza kuti mutu wachitatu ndi wozizira. Kuno ndiye kukoma kwa mkuyu kumene akuluakulu ankanena, m'kati muli nyerere.

Nyerere zoyamba zimaoneka m'kalembedwe. Chichewa chili ndi malamulo ake amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Tilinso ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies anatulutsa mu 2000. Komabe pa tsamba limodzi mupeza "kulira" pamwamba, "kulila" pansi, chonsecho lamulo ndi lapafupi: r amabwera pambuyo pa i kapena e. Mupezanso "ku mudzi" motalikitsa ndi "kuZomba" mophatikiza, kutembenuza lamulo dodolido. Wina adzati izi n'zazing'ono. Koma mphunzitsi akaona zotere pa tsamba loyamba, bukulo salionetsa kwa ophunzira ake, ndipo msika wa sukulu watsekeka pomwepo.

Nyerere zina zili m'nkhani momwe. Ndawerenga mabuku angapo momwe mnyamata amachoka kumudzi, n'kukasochera m'tauni, n'kubwerera ali wodwala, kenaka mlembi amaima paguwa masamba asanu kutilalikira zimene taziona kale tokha. Miyambi amaithira ngati mchere wa wophika wosalawa, inayi m'ndime imodzi. Mkonzi wodziwa ntchito yake akadadula ulalikiwo, n'kusiya mwambi umodzi wogwira mtima. Ntchito ya mkonzi si kusaka zilembo zolakwika kokha. Iye amafunsa chifukwa chimene mtengambali wasinthira khalidwe mwadzidzidzi, ndiponso komwe wapita mwana amene tinamusiya akulira m'mutu wachiwiri.

Tikumbuke kuti mabuku amene timawanyadira anadzera m'manja mwa anthu ena. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, linayamba lapambana pa mpikisano woweruzidwa ndi anthu amene sanali abale ake. Ndipo kudzisindikizira pakokha sikuchotsa ulemu. Steve Chimombo, yemwe anatisiya mu 2015, anatulutsa mabuku ake ambiri kudzera ku WASI Publications, imene anaiyambitsa yekha ku Zomba, koma palibe ankamuyesa wongoyeserera. Dzina lake linali litakhwima kale m'maso mwa alembi anzake ndi owunika zolembalemba.

Zilipo zina zofunika zimene sizilira ndalama zambiri. Buku likhale ndi nambala ya ISBN, yomwe kuyambira mu 2007 imakhala ndi manambala 13, kuti ogulitsa mabuku ndi malaibulale alizindikire. Likhale ndi tsamba lonena chaka, malo ndi mwini wake wa ntchitoyo. Mlembi akasiye buku lake ku National Archives ku Zomba monga lamulo likunenera, ndipo akalembetse ku COSOMA kuti thukuta lake litetezedwe. Asanalamule mabuku mazanamazana, apemphe limodzi loyesera, aone ngati masamba sakuthothoka ndiponso ngati zilembo zikuwerengeka.

Komabe zonsezi zimabwera pambuyo pa mkonzi. Ndalama zikachepa, ine ndingalangize mlembi kuti asiye za hotela, achepetse chiwerengero cha mabuku osindikizidwa, koma mkonzi amulipire, makamaka mkonzi wosamuopa. Ifenso a m'bungwe la alembi tili ndi gawo lathu. Tiyeni tiziwerengerana zolemba zisanapite ku makina, ndi kuuzana zoona ngakhale zowawa, pakuti wowerenga amene wagwiritsidwa fuwa lamoto ndi buku limodzi la Chichewa amayamba kukayikira mabuku a tonsefe.