Mabuku a Ntara ndi Mnyamata wa ku Nyanja

Aliyense wofuna kulondola mbiri ya banja la Mchewa wakale amayambira pa Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Nkoyenera kutero. Koma kodi mabuku ake angatifikitse pati tikamafufuza makolo a mnyamata amene adakulira m'mbali mwa nyanja ku Salima, tinene cha m'ma 1880?

Tiyambe ndi Nthondo, buku la 1933 limene T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Iyi ndi nkhani yopeka ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumanda, ndipo mphamvu yake ili pa miyambo ya pamudzi. Komabe maso a mlembi ali kumene Nthondo akupita, ndiko kutembenuka mtima, osati kumene mtundu wake udachokera.

Mbiri ya Achewa ndilo buku loyang'ana m'mbuyo, koma limatsata mipando ya mafumu: Kalonga, Undi, Mwase, Aphiri ndi Abanda. Wowerenga wosachenjera akapeza mfunda wake m'menemo amati wafika. Apa mpamene pali msampha. Masiku ano mfunda timatengera kwa bambo, chikhalirecho Mchewa ndi wa mbumba ya mayi wake, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Ufumu ndi minda zimayenda njira yakuchikaziyo. Wolondola dzina lokha akutsata mapazi a mkamwini, munthu wobwera pamudzi.

Kunyanja nkhani imakula. M'zaka za m'ma 1860 ndi 1870 Ayao adakhazikika m'derali, ndipo maina onga Pemba ndi Bibi Kuluunda ndi a mafumu awo. Angoni a Chiwere ankatsika m'mapiri a Dowa ndi nkhondo. Zombo zinkanyamula anthu pa Lifuwu kuwaolotsera kwa Makanjira, paulendo wa ku Kilwa. Si onse ogwidwa amene adaoloka. Akazi ndi ana ambiri adatsala, nakwatiwa kapena kuleredwa m'midzi ya eni awo, nalandiranso mfunda wa mbuyawo. Mwana wa mdzakazi adalibe atsibweni omuyankhulira, motero adali wa bambo wake kotheratu. Nchifukwa chake mafumu ankafuna akazi otere. Nkhondo za Harry Johnston za pakati pa 1891 ndi 1895 zidathetsa malondawo, koma liwu lakuti kapolo lidasanduka chitonzo chosatchulika pabwalo. Amati chibale n'fupa sichiola, koma pano fupalo lidakwiriridwa dala.

Buku loyandikira kwambiri nthawi imeneyi ndi Msyamboza, mbiri ya munthu weniweni wa ku Chibanzi m'boma la Dowa. Muli moyo wa masiku a nkhondo ndi malonda, koma mwini nkhani ndi mfumunso. Mnyamata wathu, ngati mayi wake adafika pamudzi ali pagoli, mulibe malo ake m'mabuku atatu onsewa.

Sitinganene kuti Ntara adalakwa. Iye adasunga zimene akuluakulu adalola kunena poyera, ndipo popanda iye tikadataya zambiri. Vuto lili ndi ife amene timawerenga mbiri ya mipando ngati mbiri ya anthu onse, nkumathamangira kudzilumikiza kwa Kalonga.

Kwa olemba anzanga amene mukufuna kulemba za mnyamata wotereyu, funso loyamba lisakhale la mfunda. Funsani amayi achikulire kumene mayi wa mayi wawo adabadwira, amene adamulera, ndi manda amene adagonako. Mukafika pamene nkhalamba yati duu niyamba kuyang'ana kumbali, musadzazepo dzina la mfumu kuti mzere ukongole. Lembani kuti mzerewo udadukira pamenepo, ndipo mufotokoze chimene chidaudula. Muchite izi mosamala, pakuti adzukulu a wogwidwa ndi adzukulu a womugwira akukokera limodzi khoka pa Senga Bay.