Mawu Asanu pa Botolo la Mankhwala a Mwana

Pa mabotolo ambiri a mankhwala amadzi a ana ogulitsidwa m'mafamasi a ku Cuamba ndi ku Mandimba pali chiganizo chachifupi cha Chipwitikizi: "Agite bem antes de usar." Ndiye kuti khutchumulani bwino musanagwiritse ntchito. Amene amawolokera ku Chiponde amapeza lamulo lomweli m'Chingerezi. Chiganizochi chimangolamula, sichipereka chifukwa, ndipo mayi amene mwana wake watentha thupi pakati pa usiku sakhala ndi womufunsa.

Liwu loyamba, "agite", likuulula chinthu chimene wopanga sanachilembe: zam'botolomo sizinasungunuke. Mwachitsanzo, amoxicillin sasungunuka bwino m'madzi. Ufa wake mukauthira madzi owiritsa ozizira mpaka pa mzere, umangoyandama ngati timibulu tosaoneka ndi maso. Choncho malemba ena a pa botolo lomwelo, akuti 125 mg pa 5 ml, ndi oona pokhapokha timibuluto titamwazikana mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nambala imene dokotala amawerengera mlingo wa mwana yatsamira pa dzanja la womwetsa.

Nanga opanga amalekeranji kukonza mankhwala osadikha? Nkhani yake ndi ya magetsi. Kanthu kakang'ono kakakhala m'madzi, kunja kwake kumakhala ndi chaji, kawirikawiri ya negetivi. Timibulu tiwiri ta chaji yofanana timakankhana, pamene mphamvu ina, yotchedwa van der Waals, imatikokera pamodzi tikayandikana kwambiri. Boris Derjaguin ndi Lev Landau mu 1941, kenako Evert Verwey ndi Theodoor Overbeek mu 1948, anafotokoza kulimbana kwa mphamvu ziwirizi m'masamu. Kukankhana kukapambana, timibulu timakhala patokhapatokha. Madzi okhala ndi timibulu ta golide amene Michael Faraday anafotokoza mu 1857 akusungidwabe ku Royal Institution ku London, golideyo osadikha. Ndi mphamvu yokankhana yomweyi imene imachedwetsa madzi a mumtsinje wa Muanda kuyera m'dzinja, ngakhale atagona mumtsuko: timibulu ta dongo tili ndi chaji ya negetivi ndipo sitifuna kugundana. Oyeretsa madzi a m'mipope amathiramo aluminium sulphate kuti achepetse chajiyo, dongo ligwirane, litsike.

Munthu angaganize kuti wopanga mankhwala amafuna zangati za Faraday, chaji yochuluka kuti pasakhale chodikha. Ayi ndithu. Timibulu ta mankhwala ndi tatikulu kwambiri poyerekeza ndi ta golide tija, ndipo kulemera kwake kumatitsitsa basi, kaya tili ndi chaji yotani. Tikamakankhana mwamphamvu, timatsika pang'onopang'ono, kamodzikamodzi, tating'ono n'kumalowa m'mipata ya tatikulu, mpaka pansi pa botolo patapanga chibuma cholimba chimene ngakhale mutakhutchumula mpaka mkono kuwawa sichimasuka. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amachita dala kuchepetsa kukankhanako, nthawi zina ndi timchere, kuti timibulu tigwirane mopepuka m'timagulu tofewa. Timaguluti timadikha msanga, koma nsenga zake zimakhala zomasuka, zokhala ndi madzi pakati, ngati za thobwa lomwe mumangolitakasa n'kumwa. Amawonjezeranso zinthu zonanda monga xanthan gum kuti kutsikako kuchedweko mpaka mutathira mu supuni.

Tikawerenga motero, "agite" sakupepesa chifukwa cha ntchito yolakwika. Mankhwalawo anapangidwa kuti azidikha m'njira yobwezeka, ndipo gawo lomaliza la ntchito ya kufakitale analisiyira kholo. Pamenepa ndimaona kuti chiganizochi n'chouma mopitirira. Munthu amene wapatsidwa ntchito yaikulu chonchi akanayenera kuuzidwa kuti ndi ntchito.

Liwu lachiwiri, "bem", ndilo lofooka pa onse. Bwino wake ndi uti? Wina amagwedeza botolo kawiri, wina amalikhutchumula mpaka thovu litadzaza, lomwenso limasokoneza muyeso. Pa mabotolo ena liwuli palibe n'komwe, ndipo sindiona kuti tanthauzo limasintha.

Vuto lenileni lili pa "antes de usar". Wolemba amatanthauza nthawi iliyonse yomwetsa, koma mawu oti "nthawi iliyonse" m'chiganizomo mulibe. Amene anaona wogulitsa akuthira madzi ndi kukhutchumula pa kauntala angathe kuganiza kuti lamulolo linakwaniritsidwa pomwepo. Zikatero, masiku oyamba mwana amamwa za pamwamba zochepa mphamvu, pa nthawi imene matenda ali pachimake, ndipo masiku omaliza amamwa nsenga zopitirira mlingo. Kwa mankhwala opha mabakiteriya, mlingo wochepa umapatsa mpata tizilomboto kuti tipulumuke ndi kuyamba kupirira mankhwalawo.

Namwino wodziwa ntchito amawonjezera pakamwa zimene botolo lasiya: "Mayi, muzikhutchumula nthawi zonse musanamupatse, kenako mutembenuze botolo muone pansi pake." Ngati pansipo patsalabe zoyera zomatirira mutakhutchumula, mlingo wa mu supuni sungafanane ndi wolembedwa, ndipo botolo lotero ndi lobwerera nalo kwa amene anakupatsani.