Anyamata a Sewanee mu 1899

Pa mbiri ya mpira wa ku America, uja wogwira ndi manja ndi kugundana mapewa, ulendo wa anyamata a yunivesite ya Sewanee ku Tennessee sudzaiwalika. Sukulu yaing'ono ya pamwamba pa phiri inakweza timu yake sitima mu Novembala 1899 kukasewera masewero 5 m'masiku 6 okha.

Pa 9 Novembala anagonjetsa Texas ku Austin, m'mawa mwake Texas A&M, kenako Tulane ku New Orleans. Lamulungu anapuma. Lolemba anakwapula LSU, Lachiwiri Ole Miss ku Memphis. Matimu onsewo sanapeze pointi ndi imodzi yomwe.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti masiku amenewo wosewera yemweyo ankathamangira kutsogolo n'kubwereranso kudzatchinga, ndipo akatuluka m'bwalo sankaloledwa kulowanso. Ambiri ankangopirira ululu mpaka mapeto, usiku n'kukakweranso sitima matupi ali owawa.

Chaka chonsecho anapambana masewero onse 12, mapointi 322 kwa 10, ndipo 10 amenewo anawapeza ndi Auburn yokha, timu ya mphunzitsi John Heisman. Anyamata amenewa ayenera ulemu wa aliyense wokonda masewero.