Akhoza Masamu a Mwai M'kalasi, Nanga pa Tikiti la Mpira?

Inu amene mukhala mu Kalingalinga mudziwa bwino nthawi ya madzulo, pamene ophunzira a pa University of Zambia atuluka m'makalasi ndi kubwerera ku tizipinda tao ta lendi m'komboni mwathu muno. Ena a iwo amakhala atanyamula buku lalikulu la phunziro limene kumeneko amalicha Probability and Statistics, ndiko kuti masamu a mwai ndi ziwerengero. Tsiku lina mudzaimeko pang'ono pa mseu wa Alick Nkhata, pafupi ndi akalipentala ndi owocherera mageti, muone kumene ena a iwo akhotera. Mudzaona mnyamata, buku liri m'khwapa, alikulowa m'sitolo yobecherako mpira ndi kusiyamo ndalama ya ndiwo. Wina sapita n'komwe ku sitolo, angobecha pa foni.

Kodi zitheka bwanji kuti munthu amene m'mawa wakhoza funso la mwai, madzulo alikugula tikiti limene masamu omwewo amuuza kuti lidzamudyera ndalama? Mlandu uli pa kaphunziridwe kathu ka phunziroli. Tiliphunzira ngati mtsinje woti tiwoloke kuti tifike caka caciwiri, pamene ilo linapangidwa kuti munthu asamanamizidwe ndi manambala.

Mwina simudziwa kuti masamu amenewa anabadwira pa njuga penipeni. M'caka ca 1654 akatswiri awiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, analemberana makalata pa funso lakuti ndalama zigawidwe bwanji ngati masewera a njuga aimitsidwa asanathe. Kucokera apo anthu anaphunzira kuwerengera zinthu zimene sizinacitike. Lero makampani a inshuwalansi ndi makampani obechetsa ali ndi anthu odziwa masamu amenewa, ndipo iwo sawaiwala akalemba mayeso.

Colakwa coyamba ciri m'mabuku. Ambiri a iwo analembedwa kunja, ndipo zitsanzo zao ndi za madayisi, makhadi 52 a njuga, ndi timipira tofiira ndi toyera m'cikho. Mtsikana amene anakulira m'nyumba yoletsa makhadi ayamba wavutika kudziwa mitundu inai ya makhadiwo, asanafike n'komwe pa masamu ake. Akamaliza, aganiza kuti mwai ndi nkhani ya timipira, yosakhudza mtengo wa unga kapena matenda a mwana.

Colakwa caciwiri ndi cathu ife ophunzira. Mayeso akayandikira tifunafuna mapepala a zaka zakale, tiloweza mafomyula pamtima ngati ndime ya pa Sande sukulu, ndipo tidziwa kuti funso likayamba motere, fomyula yake ndi iyi. Njira imeneyi ikhozetsa mayeso, sitikana. Koma funsani wokhozayo kuti yankho lake la 0.03 litanthauza ciani, mudzaona alikukanda mutu.

Tsono tiyeni ticite zimene buku silicita, titenge tikiti la mpira. Tiyerekeze kuti mwasankha masewera 10, ndipo pa masewera alionse mwai wanu wolondola ndi theka, monga poponya ndalama yacitsulo m'mwamba. Kuti mulondole masewera awiri, mwai ndi umodzi mwa 4. Atatu, umodzi mwa 8. Mukapitiriza kuwirikiza kawiri mpaka masewera 10, mupeza kuti mwai wanu ndi umodzi mwa 1,024. Kukanakhala kugawana kolungama, K10 yanu ikanabweza K10,240 mukapambana. Koma tiyerekeze kuti kampani ilipira 1.90 pa masewera alionse m'malo mwa 2.00, kusiyana kooneka kocepa. Mukaculukitsa 1.90 kakhumi mupeza pafupifupi 613, kotero K10 yanu ibweza pafupifupi K6,130 cabe. Ndiye kuti pa K10 iriyonse imene anthu aika pa matikiti otere, pafupifupi K4 itsala ku kampani m'kupita kwa nthawi. Mukawonjezera masewera pa tikiti kuti mphotho ikule, gawo la kampani nalo likula. Masamu ake ndi a m'masabata oyamba a phunziroli, koma ndi angati anawayesapo pa tikiti lao?

Mudzamva wina alikuti, "Ndaluza kasanu, lero ndi langa." Ndalama yacitsulo iribe cikumbumtima. Ikagwa mbali imodzi kasanu, pa kuponya kwacisanu ndi cimodzi mwai ukhalabe theka. M'kalasi amati zocitika zosadalirana, ndipo ophunzira alemba tanthauzo lake bwino lomwe. Kunyumba maganizo olakwika omwewa asautsa amai enieni. Banja likabala atsikana anai, acibale ayamba kunena kuti wotsatira adzakhala mwamuna ndithu, ndipo amai amene thupi lao latopa akakamizidwa kutenganso pakati. Mwai wa mwana wamwamuna ukhalabe pafupifupi theka, monga unaliri pa mwana woyamba. Wophunzira amene akhoza kufotokozera azakhali ake zimenezi mwaulemu, m'Cinyanja, ndiye wamva phunziro.

Nkhani ya avereji nayo ipusitsa ambiri. Tiyerekeze nyumba 10 pa mzere umodzi. Nyumba 9 zipeza K1,000 pa mwezi iriyonse, ndipo nyumba imodzi, ya mwini mashopu, ipeza K41,000. Zonse pamodzi ndi K50,000, ndipo avereji ndi K5,000. Munthu akhoza kuima pa msonkhano ndi kunena kuti anthu a mzere uno apeza K5,000 pa mwezi, osanama ngakhale pang'ono pa masamu, koma nyumba 9 sizinaionepo ndalama imeneyo. Mukandanda nyumbazo kuyambira yocepa mpaka yaikulu ndi kuyang'ana zapakati, mupeza K1,000, ndipo imeneyo ndiyo inena zoona za mzerewo. Mabuku aphunzitsa miyeso yonse iwiri pa tsamba limodzi, koma kawirikawiri mayeso afunsa kuti muiwerengere, osati kuti musankhe imene iri yoyenera ndi kunena cifukwa cake.

Ngakhale nkhani ya kusankha anthu ocepa oimira ambiri, amai anu anaidziwa kale. Pogula thumba la nyemba sakhutira ndi zapamwamba, alowetsa dzanja mpaka pansi, cifukwa adziwa kuti wogulitsa aika zabwino pamwamba. Mukamva kuti kafukufuku wapeza zakuti, funsani ngati dzanja linafika pansi pa thumba. Anafunsa anthu angati? Anawapeza kuti? Ngati anafunsa okhala ndi intaneti okha, agogo a ku Mtendere ndi ogulitsa makala a ku Kanyama sanawerengedwe.

Musaganize kuti tilikunyoza phunziroli. Ndi limodzi mwa maphunziro ofunika koposa amene munthu angatenge pa yunivesite, ngakhale wofuna unamwino, ulimi kapena uphunzitsi. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 13 miliyoni m'Zambia, ndipo wa 2022 anapeza oposa 19 miliyoni. Manambala amenewa, osungidwa ndi Zambia Statistics Agency, ndiwo athandiza kudziwa kumene kufunika makalasi ndi zipatala zatsopano. Mukumbukiranso kolera imene inayamba m'caka ca 2023, pamene kumayambiriro kwa 2024 National Heroes Stadium inasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka February. Nchito yowerenga odwala komboni ndi komboni iri ndi mbiri yakale. M'caka ca 1854 dokotala wa ku London, John Snow, analemba pa mapu nyumba za anthu omwalira ndi kolera, ndipo anaona kuti zazungulira mpope umodzi wa madzi pa Broad Street. Akuluakulu anacotsa cogwirira ca mpopewo. Iye sanagwiritse fomyula yovuta. Anawerenga mosamala ndi kufunsa kuti anthuwa amatunga kuti madzi.

Aphunzitsi a phunziroli tiwapempha cinthu cimodzi, kuti pa mutu ulionse pakhale funso limodzi locokera pa mseu wathu: mitengo ya pa msika, maminiti odikira basi, matikiti a mpira otayidwa pansi. Ndipo inu amene mulikuphunzira kapena mukonzekera kupita ku yunivesite, musadikire aphunzitsi. Mukamaliza funso, lembani yankho lake m'mau a Cinyanja, ciganizo cimodzi cimene mng'ono wanu angamve. Mukalephera, bwereraniko, simunalimvetse.

Pa msonkhano wanu wa acinyamata sabata ino yesani izi. Ngati mulipo 23 kapena kuposa, aliyense achule tsiku ndi mwezi umene anabadwa. Ambiri adzati n'zosatheka kuti awiri afanane, popeza caka ciri ndi masiku 365. Koma masamu ati pa anthu 23 mwai woti awiri afanane uposa theka pang'ono, cifukwa anthu 23 akhoza kuikidwa awiriawiri m'njira 253. Mwina mudzafanana, mwina ai, ndipo zonse ziwiri sizitsutsa masamuwo. Kenaka wina amene ali ndi mtima wolimba atulutse tikiti lake lakale la mpira, muwerengere pamodzi mwai wake pa bolodi, ndi kuwonkhetsa ndalama zimene anaika mwezi wathawu ndi zimene zinabwerera. Musamuseke, pakuti m'matumba a ambiri a ife muli matikiti otere.